Nsapato za Namondwe

Kwawo ankawatchula a Bwana, ndipo anali bwana ndithu: ofesi ya kapeti, belu la patebulo, antchito makumi awiri oseka nthabwala zawo asanazimalize. Koma ntchito ya kunja anaipeza ndi akazi awo, namwino. Iwo anangotsatira pambuyo ngati chikwama. Anthu a dziko latsopanolo ataona masatifiketi awo anawayamikira kwambiri, kenako n'kuwauza kuti akayambirenso sukulu.

Motero a Bwana ankaswera m'kanyumba ka pansanjika yachinayi ndi mwana wawo wamkazi wa zaka ziwiri ndi theka, yemwe ankamutchula Namondwe. Akulu awo akaimba foni kufunsa za ntchito, ankayankha ndi mawu a muofesi: "Achimwene, ndikuyang'anira pulojekiti ina yaikulu." Apo n'kuti pulojekitiyo ikuwathira mkaka m'thumba la jekete.

Namondwe ankapita kusukulu yamkaka masiku atatu pamlungu. Kumeneko anatolako liwu limodzi lokha la chinenero cha eni dziko, lotanthauza kuti ayi, ndipo ankaligwiritsa ntchito pa chilichonse: kusamba, kudya, kuvala, ngakhale kunyamulidwa atapempha yekha.

"Bambo ake, kuno mwana sakalipiridwa pagulu," akazi awo anawachenjeza. "Mukangokweza mawu, wina aimba foni, mukafotokozera anthu a boma oteteza ana, a mafayilo aja."

A Bwana anapeza njira. Ankamuopseza m'Chichewa, motsitsa mawu, uku akumwetulira mano onse pamtunda. Odutsa ankaganiza kuti akumuimbira nyimbo.

Loweruka lina m'mawa, akazi awo ali kuchipatala, anapita naye kusitolo yaikulu kukagula matewera. Njira yonse mwana ankang'ung'udza. Atafika pakati pa mashelefu a sopo anangodzigwetsa chagada, n'kuyamba kukuwa ngati akumusenda. Anthu anaima ndi tingolo tawo. Mayi wina wa magalasi anatulutsa foni.

A Bwana anagwada, kumwetulira kuli m'malo mwake. "Iwe kamfiti iwe, dzuka. Ukundiyalutsa. Tikakafika kunyumba undidziwa bwino."

"Akudziwani bwanji, a Bwana?"

Mawuwo anachokera kumbuyo kwawo, m'Chichewa chomveka bwino. Atatembenuka anaona mayi wovala yunifolomu ya sitoloyo, makiyi ali m'chiuno, baji ya woyang'anira ili pachifuwa. Anamuzindikira nthawi yomweyo. Anali mlembi wawo wakale. Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo mayiyu anawapempha tchuthi cha masiku awiri mwana wake atagonekedwa m'chipatala ndi chikuku, iwo n'kumukaniza pamaso pa anthu.

"Ha, mayi! Dziko ndi laling'ono," anatero akuyesa kudzuka.

"Khalani pomwepo, mwaoneka bwino," anatero mlembi uja. "Paja munandiuza chiyani tsiku lija? Eya, ndakumbuka. Mwana ndi nkhani yaing'ono, munthu wadongosolo amathana nayo m'mawa asanatuluke m'nyumba." Anayang'ana wotchi. "Ino ndi leveni koloko, a Bwana. Dongosolo lavuta?"

Sanadikire yankho. Analankhula mawu awiri kwa mayi wa magalasi uja, foni inabwerera m'chikwama. Kenako anagwada, n'kumuyang'ana Namondwe kuyambira kumutu. Atafika kumapazi anapukusa mutu. Nsapato yakumanja inali kumanzere, yakumanzere kumanja, ndipo m'kati mwa ina munali chitsekerero cha botolo. Atamuvula, kulira kunatha ngati wazimitsa wailesi. Mwana anadzuka n'kumukumbatira m'khosi munthu woti sanamuonepo.

"Ndinali pafupi kuzindikira zimenezo," anatero a Bwana.

"Sindikukayika. Nanga mukugwira kuti masiku ano?"

"Ndili m'kati mokambirana ndi makampani angapo."

"Pitirizani kukambiranako. Koma ife tikufuna munthu woika katundu m'mashelefu, m'mawa, masiku atatu pamlungu. Mwana akadwala timapereka tchuthi, sitichititsa munthu manyazi. Wosaina ndine."

Madzulo a Bwana anafotokozera akazi awo nkhaniyo ali okwiya, kuyembekezera kuti awathandiza kukwiya. Mayiwo anaseka mpaka kukhala pansi m'khitchini, nsapato zakuntchito zili kumapazi.

"Chitsekerero cha botolo! Bambo ake, simugwedeza nsapato musanamuveke?"

"Nkhani si nsapato. Nkhani ndi ulemu. Ine wondilamula akhale munthu amene ankandifululira tiyi?"

"Pano amakulamulani ndi munthu wovala thewera. Mlembi wanuyo ndiye bola, amalankhula zomveka."

A Bwana anakana kwa milungu iwiri. Anatumiza makalata ena asanu ndi anayi ofunsira ntchito, mayankho onse n'kubwera aulemu kwambiri, owafunira mafuno abwino kwina. Lolemba la mlungu wachitatu anasiya Namondwe kusukulu, napita kusitolo kuja atavala tayi. Mlembi uja anawapatsa epuloni, n'kuwauza kuti tayiyo avule ingakodwe m'ngolo.

Anawaika kumbali ya zinthu za ana, ndipo kumeneko zinadziwika kuti a Bwana ali ndi luso. Amangoyang'ana mwana kamodzi n'kudziwa saizi ya thewera. Amadziwa mtundu wothina m'ntchafu ndi wotayikira kumsana. Abambo achinyamata obwera ndi maso ofiira, atagwira kapepala kolembedwa ndi akazi awo, amawafunafuna ndi kuwatchula dokotala. A Bwana sawatsutsa. Amawaimika kwa mphindi khumi, manja ali kumbuyo, kuwaphunzitsa kuti vuto la abambo a masiku ano ndi kusamvetsera ana awo.