Nyumba Zochekedwa Kumbuyo kwa Dorugan

Pa 14 Ogasiti 1967, tsiku lomaliza kujambula, a Kuwabara anafika ku situdiyo 7 koloko m'mawa, kutatsala maola awiri kuti ntchito iyambe. Ine ndinali mlembi wa filimuyo, wolemba chilichonse chojambulidwa, ndipo ndinawaona akulowa m'holo momwe munali mzinda wathu woyerekezera wa Yokohama, wa nyumba za pulasitala zolekeza m'chiuno.

Kwa zaka zisanu ndi zinayi a Kuwabara ndiwo ankavala chikopa cha labala cha Dorugan, chilombo chonga ngaka. Chaka chimenecho kampani yathu inagwirizana ndi ina ya ku Kyoto kuti Dorugan amenyane ndi chilombo chawo, Zabeira, chinkhanira cha michira iwiri. Pangano linali lakuti pasakhale wogonja, koma tsamba lomaliza la nkhaniyo silinaperekedwe kwa aliyense, ngakhale kwa ine. Tonse tinkadziwa kuti chilombo chikagwa osadzukanso, mafilimu ake amathera pomwepo, munthu wa m'kati mwake n'kubwerera kwawo. A Kuwabara anali ndi zaka 46.

Pamalo pogwera chilombo, amisiri amachekeratu nyumba mizere yosaoneka kuti ziphwanyike bwino. A Kuwabara anayenda chogwada, akupapasa makoma ndi chikhadabo. Anapeza nyumba 23 zochekedwa, zonse kumbuyo kwa malo oimira Dorugan. Kumbuyo kwa Zabeira kunalibe ndi imodzi yomwe.

Mmisiri wamkulu, a Enoki, anati iwo amacheka pamene pepala lawauza, ndipo pepalalo analitenganso a Oribe, wotsogolera filimu. A Oribe anavomera kuti Dorugan agwa, koma anati kudzuka kwake adzajambula tsiku lina. A Kuwabara anabwera kwa ine kudzafunsa ngati tsiku linalo lilipo pa ndandanda. Panalibe. Kuyambira pa 15, holoyo inali ya filimu ina.

Masana, pa nthawi yodya mpunga, a Kuwabara anakhala pafupi ndi a Tonomura a ku Kyoto, ovala chikopa cha Zabeira.

"Achimwene, tsamba lomaliza mwaliona?" anafunsa a Kuwabara.

"Ine andiuza kuti ndikankhe basi. Inu akulu, ngaka ikaona zoopsa imangodzipinda. Mantha a chiyani?"

"Ndikadzipinda, andifunyulula ndani?"

A Tonomura anaseka n'kuwathirira tiyi.

Makamera atatu anayamba kujambula 3:10 masana. Mzinda wotere umaphwanyidwa kamodzi. Kuumanganso kumatenga masabata atatu. M'chikopa munthu amaonera pa timabowo ta pakhosi, ndipo amaona mnzake yekha, osati chimene chili kumbuyo kwake. A Kuwabara anayamba kuzungulira kumanzere pang'onopang'ono. A Tonomura anazungulira nawo kuti asawataye. Pamene a Oribe ankakuwa kuti a Tonomura akankhe, awiriwo anali atasinthana malo. A Kuwabara ndiwo anayamba kukankha, ndipo Zabeira anagwa chagada pa nyumba zochekedwa zija. Pa wotchi yanga panali masekondi 41.

A Oribe sanaimitse makamera mpaka fumbi litatsika. Kenaka anayenda n'kukaima pamaso pa Dorugan.

"A Kuwabara, mwazungulira dala?"

"Thukuta linandilowa m'maso, bwana," anayankha mawu a m'chikopamo.

A Tonomura anatulutsidwa m'chikopa ali bwinobwino, nawerama mwaulemu kwa aliyense kupatula a Kuwabara. Pa 18 akuluakulu athu anakwera sitima kukapepesa ku Kyoto. Anagwirizana zoonjezera kachithunzi ka masekondi anayi ka mchira wa Zabeira ukugwedera m'zibuma, kusonyeza kuti sanafe, kojambulidwa m'garaja, ndipo filimu inatuluka choncho pa 16 Disembala.

A Kuwabara anali atachotsedwa kale ntchito pa 1 Seputembala. Dorugan anabweranso mu Julayi 1968, m'kati mwake muli munthu wina, ndipo anachita mafilimu ena anayi.