Giya Yachiwiri Inawakana Alamu

Alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu, ankayendetsa galimoto ya maliro. Sabata yonse ankayenda pang'onopang'ono, atavala suti yakuda, anthu olira akutsatira m'mbuyo. Ukawafunsa za ntchito ankati, "Ntchito yabwino, alamu. Amene ndimawanyamula ine sanadandaulepo za mabampu." Koma likafika Lamlungu la mpikisano wa magalimoto ankasanduka munthu wina, mpaka anzathu anawapatsa dzina loti Kavuluvulu.

Mpikisano wake si wa pa kanema uja. Timachitira pabwalo loimikapo magalimoto la fakitale ina ya nsalu imene inatsekedwa kalekale. Timandandalika makoni, tizipilala tapulasitiki tija, n'kupanga kanjira kokhotakhota. Magalimoto amalowa imodziimodzi, wina atagwira wotchi. Ukagunda koni amakuwonjezera nthawi. Mphotho yake ndi kachikho basi, ndipo opikisana ake ndi aphunzitsi, wogulitsa mankhwala, wometa tsitsi mmodzi, ndi ife amakaniko.

Galimoto tinaikonza awiri ku garaja kwanga. Kanali kagalimoto kakale ka zitseko ziwiri kamene mwini wake anakataya. Tinachotsa mpando wakumbuyo, makapeti ndi wailesi kuti kapepuke, n'kuika masipulingi olimba kuti kasamapendekeke pokhota. Ine ndinkadziwa sipanala, iwo ankadziwa chiwongolero. Ndikati ndiyendetseko ine, ankaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Alamu, inu mumasintha giya ngati mukuzula chitsa. Giya samenya, amainyengerera. Ndipo galimoto samaimva ndi makutu, amaimva ndi matako. Anuwo ndi ogontha."

Iwo akanyamuka sunkamva pamene giya yoyamba yathera ndi pamene yachiwiri yayambira. Mbali yaikulu ya njira yathuyi imayendedwa mu yachiwiri, koma cha kumpanda wakumbuyo kuli malo owongoka pamene wolimba mtima amaponya yachitatu, kenako n'kubwerera msanga mu yachiwiri asanalowe pakona yothina ya pafupi ndi thanki yamadzi. Ambiri ankagonjera pamenepo. Alamu ankadutsapo ngati madzi m'paipi.

Tsiku lina m'mawa akutsuka galimoto ya maliro ija, ndowa inawapulumuka m'manja. Anawerama kuti aitole, n'kugwera pomwepo. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anagonako nthawi ndithu. Pakamwa panawongoka, mawu anabwerera, anayambanso kuyenda. Koma mbali yakumanzere inabwerera theka. Phazi linkakwekwereza pansi, ndipo zala zinkafumbata mochedwa ngati uthenga wake ukuchokera kutali. Phazi lakumanzere ndilo la kilatchi, dzanja lakumanzere ndilo la giya.

Kuntchito anawachotsa pachiwongolero n'kuwaika m'chipinda choonetseramo mabokosi. Dokotala anati pamsewu asayendetsenso.

"Wati pamsewu," anatero alamu atabwera ku garaja. "Bwalo la fakitale ndi msewu?"

Achemwali, amene anawaperekeza, anandikokera kuseri kwa mulu wa matayala.

"Iwe, ndikawaletsa amangokhala pakhonde kuyang'ana khoma, chakudya osachikhudza. Ndikawalola, mtima wanga umakhala m'mwamba. Undiuze iweyo, chabwino n'chiti?"

Ndinangoti ndiyesa kuti galimoto iwapeputsire ntchito.

Ndinafewetsa kilatchi mpaka mwana akanatha kuiponda. Kumutu kwa ndodo ya giya ndinaikako mpira wamtengo waukulu ngati lalanje, kuti azingokankha ndi chikhato popanda kudalira zala. Ndodo yakeyo ndinaipinda kuti iyandikire chiwongolero. Alamu anakhala pampando injini ili chete, n'kumayeserera: yoyamba, yachiwiri, yachitatu, yachiwiri. Zinkalowa. Nkhope yawo inawala, ndipo nanenso ndinayamba kukhulupirira.

Tsiku limene anabwerera kubwalo, anthu onse anawaombera m'manja. Wometa uja anafuula kuti, "Kavuluvulu wadzuka, bisani madenga!" Mbendera itatsika, galimoto inanyamuka bwino. Injini inakwera, inakwera, nthawi yosintha inakwana, ndiye kunamveka phokoso limene makaniko aliyense amalimva m'mano, khwee! Phazi linali lisanafike pansi pamene dzanja linkakoka. Anayesanso, khwee! Pofuna kuthandiza dzanja lofookalo anasiya chiwongolero n'kugwira giya ndi lamanja, galimoto n'kusesa makoni a mzere wonse.

Atafika kumapeto anthu anaombanso m'manja, koma kunali kuomba kwa pamaliro. Alamu anavula chisoti thukuta lili chuchuchu.

"Matayala akutsogolo mwapopa kwambiri, alamu. Galimoto ikuterereka."

Ndinaphwetsako mpweya. Mpikisano wotsatira anati masipulingi akumbuyo alimbitsa. Ndinasintha. Wotsatira anati mpando watalikira, kenako anati mafuta a m'giyabokosi ndi olemera. Chilichonse chimene ananena ndinachita, ndipo Lamlungu lililonse la mpikisano khwee uja ankamveka pamalo omwewo. Ndinawauza kuti azinyamuka ali kale mu yachiwiri, asamasinthe n'komwe. Anayesa, koma phazi linkalephera kutulutsa kilatchi pang'onopang'ono. Galimoto inkangodumpha n'kuzima, kapena kununkha kilatchi yopsa bwalo lonse.

"Alamu," ndinatero tsiku lina tikumwa tiyi ku garaja, "pali giyabokosi ya otomatiki apo. Ndikhoza kuiika. Mungoponda moto ndi buleki, phazi limodzi."

Anaika kapu pansi.

"Mundiveke thewera kaye, ndiye muike otomatikiyo."

"Nanga si kuyendetsa komweko?"

"Kumeneko n'kunyamulidwa. Onyamulidwa ndimawadziwa ine."

Anzathu anayamba kuwalemba kumapeto kwa mndandanda, chifukwa iwo akadutsa pankafunika nthawi yoimikanso makoni. Palibe amene ananena poyera. Dzina la Kavuluvulu linangozimirira, anthu n'kumawaitana kuti madala.

Lamlungu lina mpikisano usanayambe, nthawi imene anthu amaloledwa kuyesera njira, alamu anandiponyera makiyi.

"Galimotoyi ili ndi vuto, koma inu simundikhulupirira. Yendetsani, ine ndikhale pambali. Muimve nokha."

Ndinazengereza. Ndinkadziwa kuti galimotoyo ilibe vuto, chifukwa mbali iliyonse ndinali nditaimasula ndi kuimanganso ndi manja anga. Ndinaganiza zongoyenda mwaulesi, ndikatsika ndinene kuti inde, kumbuyoku kukuvina. Tinavala zisoti, tinamanga malamba.

Titangonyamuka, alamu analephera kudzigwira.

"Pondani moto! Musaope, pondani! Tsopano yachiwiri, mofatsa, zala ziwiri. Eya! Musayang'ane koni ili pamphunoyi, yang'anani yakutsogolo uko. Khotani tsopano. Tsopano!"

Ndinaiwala zimene ndinapangana ndi mtima wanga. Mawu awo ankafika nthawi yake yeniyeni, ndipo manja anga ankangomvera. Pamalo owongoka paja anafuula kuti yachitatu, ndinaponya. Thanki yamadzi inkabwera ngati itigwera.

"Dikirani, dikirani. Buleki! Kamoto pang'ono ndi chidendene, yachiwiri!"

Giya inalowa yokha ngati ikuyamwidwa. Kumbuyo kwa galimoto kunatsetsereka pang'ono n'kugwira, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinaimva galimoto pansi panga. Sitinakhudze koni ngakhale imodzi. Tinadutsa pamzere womaliza tonse tikukuwa ngati ana, alamu akumenya dashibodi ndi dzanja lamanja. Mphunzitsi amene anagwira wotchi anathamangira pawindo kudzandifunsa kuti ndadya chiyani m'mawa umenewo.

Ndinazimitsa injini. Kuseka kwa alamu kunatha pang'onopang'ono. Anayang'ana ndodo ya giya, kenako dzanja lawo lakumanzere limene linali gone pantchafu.

"Galimoto ili bwino, alamu," anatero. "Ili bwino kwambiri. Sinakhalepo chonchi."

"Ndiye tizichita chonchi," ndinafulumira kunena. "Inu mutu, ine manja. Mwaona mmene tayendera?"

"Pampikisano salola awiri, mukudziwa."

"Tiwapempha. Ndani angakukanizeni inu?"

"N'chimene sindikufuna, choti asandikanize." Anavutika kumasula lamba wa chisoti, ndipo nditatambasula dzanja kuti ndiwathandize anapotoza mutu. "Dzanja lobwereka silikanda pamene pakuyabwa, alamu."

Tsiku limenelo dzina lawo litaitanidwa sanapite. Anakhala pa tayala lakale pamthunzi wa mpanda, kuonerera ena. Pobwerera kunyumba ndinayesa nthabwala ziwiri zitatu, zonse zinagwa pansi.

Patapita masiku, achemwali anapita ndi alamu kuchipatala kuti akaonedwe. Pobwera achemwaliwo anadzera ku garaja okha. Anati dokotala wawauza mosabisa kuti zimene zinayenera kubwerera zinabwerera kale, zotsalazo azizolowere. Ndinafunsa kuti alamu anayankha chiyani.

"Anathokoza dokotala," anatero achemwali. "Bola akanatukwana, iwe. Bola akanamenya tebulo. Angothokoza."

Anandiuzanso kuti galimoto ndichite nayo zimene ndikufuna, alamu sakufuna kumva za iyo. Ndinapita nayo kumpikisano kawiri ndekha. Popanda mawu aja pambali panga ndinabwerera ku uchitsa wanga wakale. Pakona ya pathanki ndinkaponda buleki msanga, giya n'kulira. Ndinasiya. Ili kuseri kwa garaja, ndinaifunditsa lona.

Kuntchito alamu sanakhalitse. M'chipinda cha mabokosi mumafunika munthu wodziwa kulankhula ndi ofedwa, ndipo iwo anali atayamba kungokhala duu, kasitomala akufunsa mtengo iwo maso ali pawindo. Anawapumitsa mwaulemu. Chisoti anapatsa mnyamata wina wa njinga yamoto wa m'dera lawo.

Ndimapita kwawo mkati mwa sabata ndikaweruka msanga. Ulendo watha ndinawapeza pabalaza akukonzeka kupita kukalandira mankhwala, akulimbana ndi batani la pamkono wa malaya. Ndi lija la kudzanja lamanja, limene limafuna zala zakumanzere. Ndinaimirira kuti ndiwamangire, koma achemwali anandigwira phewa.

"Asiye. Ukawathandiza sadya tsiku lonse."

Tinakhala pansi tonse awiri. Batani linkafika pakamwa pa bowo n'kupulumuka, kufika n'kupulumuka. Alamu sanakweze mutu. Anandifunsa ngati ku garaja kukubwera anthu, ndinati akubwera. Anafunsa za ana, ndinati ali bwino. Za kubwalo sanafunse, ndipo ine sindinayambitse.

Kenako anausa moyo, n'kupinda mkono wa malayawo mpaka m'chigongono.

"Kwatentha lero," anatero. "Tiyeni, mayi, tingapeze mzere watalika."