Chambo cha Ukwati wa Stella

Ine Bryson ndayenda. Ndaphika m'mahotela ku Durban, ndayendetsa lole kuchokera ku Dar es Salaam mpaka ku Ndola, ndipo ku Kafue ndinagwira ntchito pa famu ya nsomba mpaka mwini wake ankafunsa nzeru kwa ine. Zonsezi ndi manja anga awiriwa. Nditabwerera kwathu ku Chintheche ndinati anthu awa ndiwaonetse kuti chambo chimawetedwa ngati nkhuku.

Ndinakumba dziwe m'dambo la kuseri kwa nyumba, pomwe panali maenje oviikamo chinangwa cha kondowole, nsima ya kwathu. Maenjewo ndinakwirira. Ndinakoka ngalande kuchokera ku kamtsinje, kumunsi nkuika paipi yotulutsira madzi. Dziwe litadzaza ndinaikamo tiana ta chambo.

Mlamu wanga Enos, mwamuna wa mlongo wanga Mavis, ndi msodzi. Ankabwera kudzaima m'mbali mwa dziwe, manja kumbuyo.

"Alamu, nyanja si iyo? Mukukumbanso ina? Mulungu anapereweza muyeso?"

"Nyanja yanuyo munaikokolola, mwatsala usipa wokhawokha," ndinamuyankha. "Pa ukwati wa Stella aliyense adzadya chambo cha muno, chathunthu, mutu ndi mchira."

Ndinabwerezanso mawuwo pabwalo la tchalitchi ku Bandawe tsiku lolengeza ukwati. Stella ndi mwana wanga mmodzi yekhayo. Anakulira kwa Mavis ine ndili m'maiko, ndipo chambocho chinali choti aone ndi maso kuti bambo ake sanangoyenda, anabwerako ndi kanthu.

Dziwe lili ndi malamulo ake. Madzi ayenera kubiriwira pang'ono, chifukwa kubiriwirako ndiye chakudya cha nsomba. Umathira zitosi za nkhuku, kenako umapisa mkono mpaka m'chigongono. Chikhatho chikamaoneka mwa apo ndi apo, zili bwino. Koma mu Okutobala dzuwa linapsa mtima. Ndere zinayala pamwamba ngati bulangete lonyowa, chikhatho nkumasowa mkono usanalowe theka. M'mawa nsomba zinkatukula milomo pamwamba, kusaka mpweya.

Sindinanjenjemere. Zimenezi ndinazigonjetsapo ku Kafue. Ndinasiya zitosi, ndinachepetsa madeya odyetsa nsomba, ndinalowa ndekha m'madzi ndi ukonde wakale kukokolola ndere, nkuziunjika pamtunda milu yonunkha. Nsana unathyoka, koma madzi anayamba kupuma. Chinatsala chimodzi: kutaya madzi akale, kulowetsa atsopano. Ukwati utayandikira ndinatsegula paipi, ndinagumula dothi lomwe ndinatsekera pomwe ngalande imathirira m'dziwe, ndipo nditamva madzi akulowa ndinathamangira minibasi ya ku Mzuzu kukatenga suti. Ndinagona konko.

Pobwera mawa lake, fungo linandichingamira ndili pamsewu. Dziwe lonse linali mimba zoyera. Chambo chonenepa, china chachikulu kuposa phazi langa, chitayandama chagada. Madzi anali otuwa ngati otsukira mpunga.

Ndinatsata ngalande chokwera. Pomwe imakhota pansi pa mkuyu ndinapeza matumba a chinangwa chosenda atandandalikidwa m'madzi, atapsinjidwa ndi miyala, thovu lili phuliphuli. Mavis anali pomwepo ndi amayi anzake, akuvuula nkumafinya.

"Mavis! Ichi nchiyani?"

"Chinangwa, achimwene. Kapena ku Joni munaiwalako ndi chinangwa chomwe?"

Amayi aja anaseka.

"M'ngalande yanga?"

"Nanga tikanaviika kuti? Maenje athu munakwirira. Ngalande inali yotseka, madzi ali phee, ife tinati bola pano. Kondowole wa ukwati wonse ndi ameneyu. Kapena anthu adzadya chambo chopanda nsima?"

"Chinangwa chowawa, Mavis! Madzi ake ngakhale mbuzi simuimwetsa. Alowa onse m'dziwe. Nsomba zatha!"

Kuseka kunazima. Mavis anagwetsa chinangwa chomwe chinali m'manja mwake.

"Mukananena kuti mutsegula."

"Ndinene kwa ndani? Ngalande ndinakumba ndekha!"

"Ndiye ife tikanalota?"

Ndawoloka malire a maiko osawerengeka, palibe msilikali kapena tsotsi anandigwetsapo. Ndinadzagwetsedwa ndi chinangwa, kuseri kwa nyumba yomwe ndinabadwira. Ndere ndinazigonjetsa, zimenezo zilembedwe. Chomwe palibe famu iliyonse imaphunzitsa ndi choti kwathu kuno madzi alionse odekha, mayi akawaona, amaona poviika.

Nsomba zoterezi sungapatse munthu. Tinazikwirira. Enos anabwera ndi khasu lake osaitanidwa, nakumba nane. Thandizo lakelo linandiwawa kuposa chipongwe chake chonse.

Ukwati unachitika. Ndiwo inali usipa, mabeseni odzaza, wa m'bwato la Enos. Woyendetsa mwambo anaimika Enos pakati pa anthu, amayi nthungululu. Kondowole ankamuyamikira aliyense: woyera, wosalala, wovunda bwino. Inde anavunda bwino. Anaviikidwa m'madzi abwino kuposa onse m'mudzimo, omwe ndinakoka ine.

Mkulu wina wa ku Kande anafuula chakumbuyo: "Ada Bryson, chambo chija chafupika bwanji? Chachapidwa ndi madzi otentha?"

Ndinakhala mu suti yanga ya ku Mzuzu, mbale ili patsogolo, osaikhudza. Stella anandiona. Anachoka pambali pa mwamuna wake, nanyamula m'mphepete mwa diresi, nadzagwada pafupi ndi mpando wanga.

"Adadi, idyani. Musadandaule za chambo zija," anatero mokoma mtima, akundigwira dzanja. "Ine sindinaziwerengere nkomwe. Ndinakula ndi usipa wa a Enos, ndinauzolowera."

Anabwerera kumpando wake akumwetulira. Ndinatola kausipa kamodzi nkukaika m'kamwa. Kanali ndi mchenga.