Mimba ya Tinenenji mu Labu ya Ekisileyi

Ndinalota tili mu labu dzuwa lili paliwombo, ine ndi Tinenenji, mnzanga amene ndimagona naye chipinda chimodzi ku hositelo. Tinkayesa galasi lokhotetsa cheza cha ekisileyi, ntchito yathu ya chaka chomaliza. Pansi pankayenda madzi amatope ofika m'mawondo, ndipo tinkagwira ntchito nsapato titazikoleka m'khosi.

Tinenenji anali ndi pathupi pa miyezi inayi. Ndinkadziwa ndine ndekha. Anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu, poti woyembekezera saloledwa kuyandikira makinawo, ndipo iye sankafuna kubwereza chaka.

A Kapalamula, osamalira makina, anali pampando wawo. Tinawaika m'manda mu Febuluwale. Anali atavala gawuni yawo yoyera, m'matumba mutadzaza dothi lofiira. Anatiuza kuti galasi lapendekeka, choncho mmodzi alowe m'chipinda cha makinawo akaligwire ndi manja mpaka muyeso uthe. Anaitana dzina la Tinenenji. Iye analowa osandicheukira, chitseko cha mtovu n'kudzitseka chokha.

Makina anali asanayatsidwe, koma mzere unali utayamba kale kuyenda pa kompyuta. Tinkapima mkuwa, umene umaonetsa nsonga ziwiri pamzerewo, yaitali ndi yaifupi. Panatuluka yachitatu, kakang'ono, pamalo pamene buku limati sipakhala kanthu. Inkakwera ndi kutsika mofulumira ngati mtima wa nkhuku ili m'manja.

A Kapalamula anawerama, dothi likugwera pa tebulo.

"Mayi, nsonga iyi ndi ya chiyani?"

Ndinawayankha kuti makina akungosokonekera. Anati ngati zili choncho ndiifufute. Ndinaifufuta katatu. Inkabwerera ndithu, koma ulendo uliwonse inkabwera yofupikirapo.

Ndinasuzumira pa kawindo ka pachitseko. Tinenenji anali atakumbatira galasi lija pamimba. M'manja mwake munkaoneka mafupa onse, ndi mphete ili lende pa fupa la chala. Anandiyang'ana n'kupukusa mutu kuti ndisanene.

Madzi anafika m'chiuno. Mapepala athu a miyezi isanu ndi umodzi ankayandama kulowera kukhonde. Chala changa chinali pa batani loyatsira makina, ngakhale sindinachiike ndine. A Kapalamula anatsegula buku la olowa m'chipindacho, nanyowetsa pensulo ndi lilime.

"Muli anthu angati m'katimo? Mukati awiri, chitseko chitseguka, koma mnzanuyo sadzakulankhulaninso. Mukati mmodzi, ntchito ipitirira."

Ndinafuna kunena kuti awiri. Ndinakumbukira mmene analirira tsiku limene anandiuza, atatseka pakamwa ndi thaulo kuti a chipinda china asamve.

"Mmodzi, bambo," ndinatero.

Analemba mosafulumira, n'kundithokoza. Nyali yofiira inayaka. Nsonga ziwiri za mkuwa zinaima bwinobwino monga za m'buku. Yachitatu inagunda kanayi, kenako inagona pamzere, osadzukanso. A Kapalamula anati zotsatira zake n'zoyera kwambiri, tikhoza bwino tonse awiri.

Ndinadzidzimuka kunja kutayera. Tinenenji anali kusita gawuni yake, ija anaisunthira mabatani sabata yatha. Anandiuza kuti ndifulumire, labu iyamba eyiti koloko.

"Tine, lero sulowamo. Ukapanda kukanena wekha kwa aphunzitsi, ndikanena ine."

Anangoima chomwecho, simbi ili pansalu, mpaka chipinda chonse chinanunkha kupserera.