Mbumba ya Atanazio ku Leeds

Ine Edwina, aliyense amene anakhalapo nane tebulo limodzi ku Leeds kuno nkhani ya agogo Atanazio amaidziwa, afune asafune. Ndinkaifotokoza kuchipatala pa nthawi ya tiyi, kumphakati tikatha kolona, ngakhale m'basi ndikapeza Mmalawi wosowa kothawira. Mwana wanga Taonga akangomva ndayamba kuti "Ku Mchinji kusanabwere msewu," ankanyamuka kukatsuka mbale zotsuka kale.

Nanga ndikanaleka bwanji kunyada? Atanazio anabwera ndi ansembe oyamba atawasenzera katundu pamutu. Ataphunzira katekisimu zaka zinayi, ansembewo anamutumiza kumalire, kutchire kumene anthu ankaopa mikango. Anagwetsa mitengo, namanga tchalitchi chaudzu, nayambitsa mudzi wa Akhristu okhaokha. Ukwati woyamba kudalitsidwa m'tchalitchimo unali wake ndi Rozina. Rozina anabala Sesiliya, Sesiliya anabala mayi anga, mayi anga anabala ine. Ndikafika pamenepa ndinkadziguguda pachifuwa.

Tsono mu 2016 Taonga anabwera ndi mnyamata wake, Eston, wa ku Chipata, amene ankagwira ntchito yoyeza magazi pa chipatala china ku Newcastle. Mwana waulemu, Mkatolika, wosamwa. Ndinamukonda tsiku lomwelo. Loweruka lina masana amalume ake a Eston, a Overton, anakwera sitima kuchokera ku Liverpool kudzakamba za chinkhoswe. Mbali yathu ndinalipo ndekha, poti bambo ake a Taonga anatisiya kale, ndipo amalume anga a Lazaro ali ku Mchinji. Tinagwirizana kuti tikamaliza tiwaimbira foni.

Zonse zinkayenda bwino mpaka pakamwa pangapa panayamba kuyabwa.

"Kuti mudziwe kumene mukukwatira," ndinatero, "ife ndife adzukulu a munthu amene anatsegula Chikatolika kumalire kuja."

A Overton anaika kapu pansi. "Nafenso tili ndi wotero, mayi. Wathu anamanga tchalitchi chaudzu m'tchire la mikango."

Ndinapsa mtima pang'ono. Munthu wabwera m'nyumba mwanga, wamwa tiyi wanga, kenako andilande ndi agogo omwe? "Athu anali Atanazio," ndinatero motsindika.

"Mwamuna wa Rozina?"

"Eya!"

"Mayi, Rozina ndiye anabala agogo anga a Monika, amene anatengedwa chitengwa kupita ku Chipata. A Monika anabala mayi anga, mayi anga anabala ine ndi mayi ake a Estonyu."

Abale inu, ine kupusa! Ndinaimirira, ndinaimba nthungululu, ndinawakumbatira a Overton. Za Monika ndinamvapo ndili mwana, kuti kunali wina amene anakwatiwa kutsidya ndipo sanabwererenso. Lero ndawapeza alongo anga pakati pa Yorkshire! Ndinavina mpaka pakhomo la kukhitchini. Potembenuka m'pamene ndinaona kuti ndikuvina ndekha. A Overton anali atagwira tsaya. Eston anali atazolika.

"Mlongo wanga," anatero a Overton, "ngati inu muli mlongo wanga, ana awa ndi chiyani?"

Mutu unaima. Ndinatenga pepala la mashifiti pafiriji, n'kuyamba kulemba kumbuyo kwake. Rozina pamwamba. Sesiliya ndi Monika pansi pake. Ana awo aakazi, adzukulu aakazi, kenako Taonga ndi Eston. Ndinawerenga kuchokera pamwamba, ndinawerenga kuchokera pansi, ndinatembenuza pepala ngati kuti mayina asintha. Ayi ndithu, onse akutuluka mwa mayi mmodzi, kudzera mwa akazi okhaokha. Kwathu limenelo ndi bere limodzi. Anawa ndi munthu ndi mlongo wake.

Taonga anabadwira ku Lilongwe koma anakulira kuno, Chichewa amamva koma akapsa mtima amayankha m'Chizungu. Anayankha m'Chizungu. Anati chibale chotalika chonchi palibe lamulo limene limachiletsa, ngakhale a dokotala, ngakhale a Mpingo. Anatulutsa foni n'kuimbira wansembe wa parishi yathu, yemwe anamvetsera, anawerenga mibadwo, nati iye sakuonapo choletsa.

"Wansembe wa kuno angadziwe chiyani za bere?" anatero a Overton. "Chibale ndi fupa, sichiola. Ine ndikauza bwanji mlongo wanga ku Chipata kuti ndakwatitsa mwana wake kwa mlongo wake? Dzanja langa silikhalapo."

Ndinafuna kuwatsutsa, koma ndi mawu ati? Ndikanakhala ine kumbali yawo ndikananena zomwezo. Eston analankhula chapansipansi kuti sangakwatire popanda madalitso a mayi ake. Taonga anamuyang'ana, kenako anayang'ana ine, misozi ili chuchuchu.

"Mami, inu ndi Atanazio wanuyo," anatero, ulendo uno m'Chichewa.

Zinandibaya kumtima. Ndinatenga foni n'kukwera pamwamba, kuchipinda, kukaimbira amalume. A Lazaro ndi mwana womaliza wa agogo Sesiliya, zaka zawo zapitirira makumi asanu ndi awiri, ndipo khutu limodzi linasiya ntchito. Ndinawapeza ali kuchigayo, phokoso lili phuphuphu.

"Ukuti wamwalira ndani?" anakuwa.

"Palibe wamwalira, amalume! Tulukani panja!"

Atatuluka ndinawafotokozera zonse, kawiri. 

"Wa kwa Monika?" anafunsa. "Akwatirane. Si bere limodzi limenelo."

"Si limodzi bwanji? Monika ndi Sesiliya si ana a Rozina?"

"Monika yekha. Mayi anga sanabadwe mwa Rozina."

Ndinakhala pansi pabedi. Ndinaganiza kuti ukalamba wawasokoneza, kapena sanamve, kapena wosokonekerayo ndine. Ndinawakumbutsa kuti kalata yaubatizo ya agogo Sesiliya ndinaiona ndi maso anga, ndipo pa dzina la mayi analembapo Rozina.

"Analemba, inde," anatero amalume. "Iwe ukuganiza kuti Atanazio anafika kumalire ali mbeta? Anali ndi akazi awiri. Nthawi yaubatizo itakwana ansembe anamuuza kuti Mkhristu sakhala ndi awiri, asankhe mmodzi. Rozina ankaphunzira katekisimu, mkazi wamkulu ankakana. Ndiye anasunga Rozina. Wamkuluyo anamuperekeza mpaka pamtsinje, mayiyo nabwerera kwawo. Mwana wake anatsala kuti abatizidwe, atangosiya kumene kuyamwa. Mwanayo ndi mayi anga."

"Nanga bwanji simunatiuze zaka zonsezi?"

"Tikuuzeni kuti mutani nazo? Mayi ankalira akaikamba. Ananditsina khutu kamodzi kokha, akudwala, nati isatuluke. Komanso iwe ukayamba za Atanazio umapatsa munthu mpata?"

Ndinadula foni. Kunena zoona, sindinadziwe choti ndimve mumtima. Ndikondwe? Mwana wanga wapulumuka. Ndilire? Zaka makumi asanu ndakhala ndikuyenda ndi mayi wa eni pamutu. Ukwati woyamba uja, umene ndinkagonthetsa nawo anthu m'makutu, unali tsiku limene anathamangitsa mayi wathu. Ndimukwiyire Atanazio? Kolona amene ndimapemphera anachokera m'manja mwake. Ndinaganizanso zongokhala chete, Mulungu andikhululukire. Pansipo palibe amene anamva. Ndikanatha kutsika n'kunena kuti foni sikugwira.

Kenako ndinamva Taonga akusisima pamasitepe, ndipo ndinatsika.

Ndinaimirira pakati pa balaza ngati mwana wa sukulu amene wagwidwa akubera. Ndinanena zonse, osasiyako kanthu. A Overton sanakhulupirire msanga, anati mwina ndapeka kuti ndipulumutse ukwati. Ndinawapatsa foni kuti adzimvere okha. Anakuwizana ndi amalume kwa mphindi khumi, wina Chinyanja cha ku Chipata, wina khutu limodzi, mpaka a Overton anayamba kugwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Agogo a Monika ankanena kuti mkulu wawo sankafanana ndi wina aliyense pakhomopo," anatero atadula. "Ife tinkayesa nthabwala." Anatenga pepala lija, nafufuta mzere wochoka kwa Rozina kupita kwa Sesiliya. "Mabere awiri. Bambo mmodzi sapanga mbumba. Anawa akwatirane."

Eston anapuma mpweya waukulu ngati watula thumba la simenti. Taonga anandikumbatira mpaka kundipweteka nthiti. A Overton anayamba kufunsa za tsiku ndi holo, ndipo ine ndinkangoyankha kuti eya, eya, osamva chimene ndikuvomera.

Taonga anatenga cholembera n'kujambula kabokosi katsopano pambali pa Rozina, pamwamba pa Sesiliya.

"Ndiye agogo athu enieniwo dzina lawo ndani, Mami?"

Dzinalo sindinkalidziwa. Ine amene ndimadziwa kuti tchalitchi chija chinali ndi nsanamira zingati! Ndinaimbanso ku Mchinji, aliyense ali tcheru, foni ili pa sipika.

"Dzina?" anatero amalume. "Mayi anali khanda, akanalidziwa bwanji? Atakula anafunsa, koma m'mudzi wa Akhristu panalibe wofuna kulitchula. Ankangoti uja anapita."

"Nanga kwawo kunali kuti?"

"Kutsidya kwa mtsinje. Mudzi wake sindiudziwa, mwana wanga."

Taonga anagwirabe cholembera pamwamba pa kabokosi kaja, akundiyang'ana kuti ndimuuze cholemba. Ndinamulanda pepalalo, ndinakhala pansi pakapeti, ndipo ndinalira maliro a mayi amene sindimudziwa dzina, alendo ali pomwepo.