Womasulira ndi Mawu a Katemera

Amuna anga, a Lemson, ndi womasulira kutchalitchi kwathu ku Area 47. Mkati mwa sabata amagwira ntchito ya muofesi ku City Centre, koma Lamulungu amavala jekete yawo yakuda n'kukaima pambali pa mlaliki. Mpingo wathu ndi wosakanikirana. Muli ife a konkuno, muli a kumpoto ogwira ntchito m'boma, komanso alendo a ku Kenya ndi ku Ghana amene Chichewa chawo chimathera pa moni. Choncho zonenedwa m'Chingerezi a Lemson amazibweretsa m'Chichewa, za m'Chichewa amazipititsa m'Chingerezi.

Ali ndi malamulo awo awiri. Loyamba, satchula pagulu mawu amene iwo eni sakuwamvetsa. Amanyansidwa ndi omasulira amene akakumana ndi mawu ovuta amangowabwereza mokuwa, ngati kuti kukuwako ndiye tanthauzo. Lachiwiri, womasulira sanena kuti "akuti". Mlaliki akati ndine wochimwa, iwonso amati ndine wochimwa. Zonsezi amayeserera pa ine Loweruka ndikamasita zovala, ndipo ndikafunsa kuti ndiye kuti chiyani, amayambiranso. Chikwatiraneni, ine ndakhala mpingo wawo wa munthu mmodzi.

Katemera wa Covid atafika, a Lemson anakabayitsa. Ine ndinakana. Ndimadwala shuga, ndipo pagulu la WhatsApp la amayi anzanga ogulitsa nsalu ku Area 2 pankayenda mauthenga oti katemerayu amasintha chibadwa cha munthu, wodwala kale satha naye chaka. A Lemson ankati wa shuga ndi amene mliriwo ukumuthamangira. Anali atangoika m'manda anzawo a kuofesi, a Gladson, amenenso anali ndi shuga. Tinakangana mpaka ndinawauza kuti thupi ndi langa, iwo asamale lawo. Sanaiyambenso nkhaniyo. Ine ndinati ndapambana. Mutu wanga ndi wouma, ndinatengera bambo anga.

Patapita miyezi, analengeza kutchalitchi kuti Dokotala Lusubilo, mmodzi wa ife mumpingomo, adzafotokoza za katemera wa mtundu watsopano amene anali atafika. Mayiyu kwawo ndi ku Karonga, anakulira ndi kuphunzira kunja, ndipo amanena yekha kuti Chichewa chake n'chogulira tomato basi. A Lemson, potsata lamulo lawo loyamba lija, anayamba kudzera kwa adokotalawo ku Area 12 akaweruka. Ankakhala pakhonde, mipando motalikirana, kuphunzira mawu.

Loweruka lina anaima pakhomo la kuchipinda ngati ali paguwa.

"Messenger RNA," anatero. "Uthenga."

Ndinafunsa kuti uthengawo ngochokera kwa yani, ukupita kwa yani. Anayambiranso. Anati thupi linamangidwa ndi tizipinda tosaoneka ndi maso, m'Chingerezi cell. Katemerayu ndi kauthenga kokutidwa ndi kadontho ka mafuta, kamene kamalowa m'kachipindako n'kulamula kuti mupangidwe kaminga kofanana ndi kamene kali pakhungu la kachilombo. Kachilomboko mulibe, ndi kaminga kokha, ndipo dzina lake ndi spike protein. Asilikali a m'thupi akaona kaminga kachilendoko amasula zida zokagwirira, zotchedwa antibody. Tsiku limene kachilombo kenikeni kadzafike, kadzapeza alonda akukadziwa kale nkhope.

Ndinafunsa mwachipongwe kuti nanga uthengawo uzingolamula m'thupi mwa munthu mpaka liti. Anakanda mutu. Sankadziwa, ndipo sanandinamize. Anabwerera ku Area 12, n'kudzabwerako ndi mawu ena, nucleus. Anati m'kachipinda kaja muli kachipinda kena kamkati, kokhoma, ndipo chibadwa cha munthu chimasungidwa mmenemo. Uthenga sulowamo. Umathera pabalaza ngati mlendo, ndipo pakangopita masiku ochepa thupi limauphwanya.

Ine ndinkangosita, nkhope ili gwa. Koma mawu aja ankanditsatira kushopu. Ndinkapezeka ndikuyeza chitenje cha kasitomala uku mumtima ndikubwereza za kaminga ndi alonda, ndipo zinkandikwiyitsa.

Lamulungu lija tinakhala motalikirana, aliyense atavala masiki. Dokotala ankalankhula, a Lemson n'kumatsatira, osapunthwa paliponse. Ndinamva mayi wina kumbuyo kwanga akunong'oneza mnzake kuti kodi nkhani yake ndi imeneyi basi. Itafika nthawi ya mafunso, mkulu wa mpingo, a Cornelius, anafunsa za kuwawa kwa mkono. Kenako ndinangozindikira ndaimirira.

"Ine ndili ndi shuga," ndinatero. "Zonse mwanenazi ndamva, ndinayamba kuzimvera kunyumba. Koma ndikuopa. Ndikuopa kufa n'kusiya mnzanga yekha, munthu wosadziwa ngakhale pamene pamakhala singano m'nyumba."

Ena anaseka pang'ono. Ine ndinali nditaiwala kuti funso la m'Chichewa limayenera kupita m'Chingerezi, komanso kuti wolipititsa ndi ndani. A Lemson anayandikira maikolofoni, ndipo lamulo lawo lachiwiri lija silinawalole kubisala kuseri kwa "akuti". Ndinamva amuna anga akunena m'Chingerezi, pamaso pa mpingo wonse, kuti ndili ndi shuga, ndamva zonse, koma ndikuopa. Atafika pa kufa ndi kutsala kwa mnzawo yekha, mawu anawathera. Munthu amene anamasulira ulaliki pamaliro a mayi ake enieni osagwedezeka anangoima, maso ali pansi. Apa m'pamene ndinadziwa kuti mantha amenewa akhala akuwasenza okha miyezi yonseyi, ine ndikumati ndapambana. Ndinachita manyazi, ndipo mtima unandiwawa.

Dokotala sanadikire kuti amalize. Anandiyankha yekha m'Chichewa chake cha tomato chija. Anati wa shuga ndiye woyenera kukhala kutsogolo pamzere, chifukwa mliriwo umamupweteka kwambiri. Anati mkono udzalemera, mwina thupi lidzatentha pang'ono, ndipo ngati ndingafune, iye adzakhala pomwepo.

Ndinapita kukabayitsa Lachiwiri lake. A Lemson anapempha kuchoka kuntchito, ndipo anandinyamulira chikwama changa cha m'manja pakati pa anthu osachita nacho manyazi. Jakisoni wake sanandiwawe n'komwe. Ine wobaya chala m'mawa uliwonse poyeza shuga, zoona n'kumathawa kameneka?

Tikudikira pabenchi kuti anamwino aone ngati ndili bwino, dokotala anadzakhala pafupi nane. Anandiuza kuti maganizo oti adzalankhule kutchalitchi sanali ake. A Lemson ndi amene anakapempha kwa akulu a mpingo, n'kukamugogodera iye pageti. Anatinso mawu a Chingerezi aja a Lemson anawagwira msanga, chimene ankabwererabwerera ku Area 12 chinali mafunso.

"Amati, adokotala, mpingo ukufunsa kuti uthengawo umatha liti," anatero akuseka. "Ine ndinadziwa kuti mpingowo ndi inu, mayi a Tamando."

Ndinacheuka. A Lemson anali ataima poteropo, chikwama changa chili kukhwapa, akuwerenga chikwangwani cha pakhoma ngati sakumva. Ndinkafuna kunena zambiri. Ndinangoti zikomo, zikomo kwambiri.

Mwachizolowezi chawo, a Lemson anatembenukira kwa dokotala n'kuyamba kupititsa mawu angawo m'Chingerezi. Ndinawagwira mkono wa jekete.

"Amenewo musamasulire, bambo a Tamando," ndinatero. "Ndi anu."