Nyali ya a Yoram Inayamba Kuyesedwa

Mu 1948 ndinali kalaliki pa mishoni ina kufupi ndi Ulongwe. Chipatala chathu chinkafuna nyali makumi atatu, ndipo a Yoram, mmisiri wa malata wa ku Nselema, anabwera ndi nyali yopanga okha, ya galasi ndi chogwirira. Anandiuza mosabisa kuti ntchitoyo ikawaphonya akalembetsa Wenela kupita kumigodi, chifukwa kumata zidebe kunali kutasiya kudyetsa banja. Akazi awo, a Sabina, anali ndi pakati.

Mzungu woyang'anira katundu ankakonda kuyeza chilichonse, ngakhale mchere wa m'ndiwo. Analamula kuti nyaliyo ipikisane ndi ya m'sitolo ya ku Limbe. Titsekeredwe m'nyumba yosungira thonje, nyali ikhale patebulo, ine ndiziwerenga buku la nyimbo ndikubwerera cham'mbuyo mpaka zilembo zitasowa, iye aziwerenga mapazi.

Tinalowa dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, maso anga akadali othobwedwa ndi kuwala. Anayamba kuyatsa ya a Yoram. Nditangoyenda mapazi anayi, zilembo zinasanduka nyerere. Kenaka mzungu anataya nthawi akulimbana ndi chingwe cha nyali inayo, ife tili mumdima. Pomwe inkayaka n'kuti nditayamba kale kuona mitengo ya kudenga. Ndinafika mapazi asanu ndi awiri.

A Yoram sanali ogona.

"Bwana, maso a akalaliki azolowera mdima. Tiyesenso, yanga ikhale yomaliza."

Mzungu anandifunsa ngati zinali zoona. Zinali zoona, ndipo ndinkadziwa. Koma ndani akanauza mzungu kuti muyeso wake ndi wokhota, pamaso pa wosula malata, pantchito atangotha miyezi itatu? Mantha anandigwira.

"Iyayi bwana, maso anga ali chimodzimodzi."

A Yoram sanandinyoze. Anadikira kuti galasi lizizire, nakulunga nyali m'nsalu. Anakwera sitima pa Balaka mvula isanagwe, ndipo sanamvekenso.

Makalata a m'midzi yozungulira ankafikira patebulo langa. Loweruka lililonse a Sabina ankabwera kudzafunsa, poyamba ali ndi pakati, kenaka mwana ali kumbuyo, kenaka mwanayo akuyenda yekha. Sindinawapatseko kalata ngakhale imodzi. Manyazi ake ndikadali nawo, chifukwa ponyamuka ankagwada pakhomo n'kundithokoza. Amuna awo anali atawauza kuti tsiku loyesa nyali akalaliki anayesetsa kuwathandiza.